Khoma la a Bulashi likupakidwa penti Lachisanu

Nabanda wa ku Mikute: Mwaswera bwanji nonse. Pepani, lero ndilemba zambiri. Amene munakulira ku Senga Bay kuno mukulidziwa khoma la tiyirumu yakale ija ya pafupi ndi msika, pamene pali chithunzi cha mabwato a usiku ali ndi nyali, amayi atanyamula mabeseni a usipa, ndi tambala ataima padenga. Anajambula ndi malume anga, amene nonse mumangowatchula kuti a Bulashi. Ndamva m'mawa uno kuti eni nyumbayo agwirizana ndi kampani ina, Lachisanu kubwera anyamata kudzapaka khoma lonse penti wa mtundu umodzi n'kulembapo malonda. Malumewo sindinawauze. Maso awo anachita ng'ala, amangoona mbuu, komabe Lachiwiri lililonse amauza mdzukulu kuti awagwire dzanja akaime pakhomapo. Amasisita ndi chikhatho pamene pali nyali, chifukwa pamenepo anaika penti wokhuthala dala, moti amamveka m'zala. Ndithandizeni nzeru, nditani?

Wa Kabaza: Aaa, khoma limene lija? Ndiye anthu tiziwalondolera bwanji? Kasitomala akaimba kuti ndikupezeni pati, ife timangoti imani pa tambala.

Mnyamata wa ku Joni: Achemwali, ponyani chithunzi tione. Ine kumudzi ndinachoka 2016, chimene ndikukumbukira n'chakuti chakumanja kuli Ilala yaing'ono ngati bokosi la machesi, ikufuka utsi.

Nabanda wa ku Mikute: Kamera ya foni yanga inasweka galasi achimwene, zithunzi zimatuluka ngati kunja kuli nkhungu. Koma Ilala ilipo, chilumba cha Namalenje chili pambali pake. Mvula yangodya m'munsimu pamene madzi a padenga amagwera.

Aphunzitsi Opuma: Mwana wanga, nkhaniyi yandigwira mtima. A Bulashi ndinawadziwa cha m'ma 1970, ine ndili mnyamata, ndangotumizidwa kumene kudzaphunzitsa kunyanja kuno. Iwo sukulu anasiyira Sitandade 3 n'kulowa m'bwato ngati anzawo onse, usiku kukoka chilimira, masana kusoka maukonde pamchenga. Tsiku lina anandipeza kunyumba atagwira pepala la paketi ya shuga, ati aphunzitsi, ndilembereni apa mawu akuti ZONSE NDI NTHAWI, mwini boti akufuna dzina. Ndinalemba nditatsamiritsa pepalalo pabondo. Patapita masiku atatu ndinatsikira kudooko, ndinapeza mawu aja ali paboti, okongola kuposa amene ndinalemba ine, koma N aliyense anali ndi kamchira kopindika kumapeto. Ndinadzazindikira pambuyo kuti bolopeni yanga inkaterereka papepala lija, iwo n'kutengera ndi kutererekako komwe. Munthu uja zilembo sankalemba ayi, ankazijambula ngati mmene angajambulire chambo. Mpaka lero mukaona chikwangwani chakale kuno chokhala ndi N wamchira, dziwani kuti dzanja ndi lawo, cholakwa ndi changa.

Che Nkhafi: Zoona aphunzitsi, boti limenelo linali la malemu bambo anga. Bulashi yogula analibe. Ankameta ubweya wa kumchira kwa mbuzi, kumanga ndi ulusi wa ukonde pa kansungwi. Ikafika mizere ing'onoing'ono ankatafuna kamtengo ngati mswachi mpaka nsonga ifewe. Penti ankatola zitini zimene eni maboti ataya, kuthiramo parafini pang'ono, kukhutchumula, n'kusiya padzuwa tsiku lonse. N'chifukwa chake zithunzi zawo zoyambirira zili ndi mitundu ya maboti yokhayokha, buluu, wofiira, woyera ndi wachikasu. Wobiriwira ankachita kusakaniza m'chigoba cha nkhono. Bambo anawalipira mbale ya utaka ndi 50 tambala, ndipo ankanena kuti anawadula.

Phingo Original: Ine ndiyankhula mosapsatira, mundikhululukire achemwali. Madala aja luso ali nalo, palibe angatsutse, koma umphawi wawo anaufuna okha. Ndagulitsa ziboliboli pamsewu wopita kunyanjawu zaka zoposa 20. Mzungu akatsika m'galimoto amafuna njovu, dzuwa likutuluka panyanja, mayi atasenza mtsuko, pa kansalu koti apinde kalowe m'chikwama. Tinawauza kangapo kuti madala, muzitijambulira zimenezo khumi pa sabata, ife tizikugulitsirani. Anakana. Ati njovu sindinaionepo ndi maso, ndijambula bwanji bodza. Iwo busy kujambula anthu akukangana mtengo wa usipa, maliro akudutsa pamchenga, mwana akukwapulidwa chifukwa cha mango, ndiye pa hadibodi yolemera. Ndani angakwere nayo ndege imeneyo? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Anzawo amene anamvera anamanga nyumba za malata.

Wa Kabaza: Kkkkk njovu sindinaionepo, pomwe ku Thuma kuno zili mbwee. Mukanandiuza ndikanawanyamula.

Che Nkhafi: Nanga anzawo a malatawo, chithunzi chawo chimodzi chimene munthu angachitchule n'chiti? Zonse zimangofanana ngati mandasi a mayi mmodzi.

Phingo Original: Mandasi omwewo ndi amene amalipira fizi, Che Nkhafi. Ndipo mu 2020 Covid atatseka malire tonse tinalira chimodzimodzi, wanjovu ndi wopanda njovu yemwe. Ine ndinafika pogulitsa tomato pa shedi ya ziboliboli.

Aphunzitsi Opuma: Pa za njovuzo ndithirirepo ndemanga. Zithunzi zowala zija za nyama ndi mbalame zamawangamawanga zimene zimapezeka m'mashedi ambiri, gwero lake ndi ku Tanzania. Anayambitsa ndi Edward Saidi Tingatinga ku Dar es Salaam mu 1968, munthu amene nayenso sanalowepo m'kalasi ya zojambula. Ankajambula ndi penti wa njinga pa zidutswa za hadibodi, ndipo anamwalira mu 1972 atangogwira ntchitoyo zaka zinayi. Lero anthu ambirimbiri akudyera dzanja lake. Ndiye a Phingo, zojambula zimene mukuti zili ndi msikazo zinayamba ndi munthu mmodzi wouma mutu ngati a Bulashi omwewa. Kungoti uja anali mumzinda waukulu mmene munali ogula, komanso anaphunzitsa abale ake. Athuwa anali pamchenga pano, ndipo ife amene tinkalandira kasalale sitinagulepo ngakhale chimodzi. Ine amene ndikuyankhulane, pabalaza panga panali makalendala a m'sitolo okhaokha.

Nasibeko wa Saluni: Musaiwalenso chimene chinawalanda ntchito. Si azungu ayi, ndi makina. Kale aliyense wotsegula golosale, butchala kapena saluni ankaitana a Bulashi. Kwa ine anajambula mitu isanu ya amayi, wina woluka mizere, wina wa mesh, ndipo anakhala pabenchi langa masiku awiri akungoyang'ana mmene zala zanga zikuyendera asanagwire penti. Atabwera mabanala osindikiza pa kompyuta, tonse tinathamangira kumeneko poti n'zachangu ndipo nkhope zake ndi za akazi a m'mafilimu. Langa ndinakapangitsa ku Lilongwe. Chaka chimodzi chokha dzuwa la ku Salima linalidya, akazi aja anasanduka obiriwira ngati mizukwa. Nditalichotsa ndinapeza mitu ya a Bulashi ili bwinobwino kunsi kwake.

Mayi a Mapasa: Ndine mlongo wawo wa a Bulashi, akundilembera ndi mwana wanga. Ndamva mukuti achimwene anaphunzira okha. Pamenepo ndiye ndikana. Amayi athu ndi amene anali katswiri wozira nyumba m'mudzi monse. Mvula ikatha, kaya kukubwera ukwati kaya chinamwali, ankatituma kukakumba dothi, lakuda la kudambo, katondo wofiira, ndi loyera la kumtsinje. Ankasefa, kuviika m'mapale osiyanasiyana, n'kuyamba ndi khonde. M'munsi mwa khoma mzere wakuda, pamwamba pake timaluwa, mwezi, nkhanga zitandandalika, zonsezo ndi zala basi. Ntchito imeneyo inali ya akazi, mnyamata akaigwira ankasekedwa mpaka kudambwe. Achimwene ankabisala kuseri kwa nkhokwe ndi phale lawo, kumatengera pa khoma la khola la mbuzi. Bambo anawakwapulapo kawiri, ati ukufuna udzakwatiwe? Amayi sananene kanthu, koma ankasiya dala dothi losefasefa pamalo poti mwana alipeze. Pitani mukaone nkhanga zili pakona ya khoma lanulo. Madontho ake sanaike ndi bulashi, anadinda ndi kachala kakang'ono aka. Dzanja la amayi limenelo. Kungoti za amayi zinkachoka ndi mvula chaka chilichonse, iwo n'kuziranso, palibe ankalira.

Nabanda wa ku Mikute: Amayi aang'ono! Zimenezi bwanji simunatiuzepo?

Mayi a Mapasa: Munafunsa liti?

Aphunzitsi Opuma: Ndalandira chidzudzulo, mayi. Zaka zonsezi ndakhala ndikudzitama kuti zilembo ndinawapatsa ndine, osadziwa kuti kunali mphunzitsi wamkulu kumudzi.

Mnyamata wa ku Joni: Koma pali nkhani ina imene bambo anga ankaikamba akaledzera, ya tambala ndi nyali. Ndinali mwana, sindinkaimvetsa. Alipo angaifotokoze?

Che Nkhafi: Imeneyo ndinaiona ndi maso. Khomalo anajambula mu 1992. Chaka chotsatira kunabwera riferendamu ya pa 14 June 1993, ndipo zizindikiro zovotera zinali ziwiri, tambala wakuda kwa ofuna chipani chimodzi, nyali kwa ofuna zipani zambiri. Tsiku limodzi lokha khoma la tiyirumu linasanduka ndale. Pansi nyali zisanu ndi ziwiri, pamwamba tambala. Anabwera anyamata a mbali ina, ati madala fufutani nyalizi. Iwo anati nanga usipa tizigwira mumdima? Mawa lake anabwera a mbali inayo, ati chotsani tambalayu. Iwo anati ameneyu ndi wa eni tiyirumu, ndi amene amawadzutsa kuti akoleze moto, komanso tamuyang'anitsitsani, ndi wofiira, si wakuda. Onse anabwerera akung'ung'udza. Mwezi wonsewo tiyirumu inkadzaza, ena kukhala benchi la kunyali, ena la kutambala, ketulo yake imodzimodzi.

Mnyamata wa ku Joni: Kkkkkkk ndaseka ndekha mu taxi, anthu akundiyang'ana.

Junior wa pa Tiyirumu: Ndakhala chete ndikuwerenga, koma poti nyumba ikunenedwayo ndi yathu, ndiyankhepo. Agogo anga ndi amene anawapatsa a Bulashi khomalo. Malipiro anali tiyi wamkaka ndi masikono awiri m'mawa uliwonse, ndipo anamwa tiyi ameneyo mpaka tsiku limene tiyirumu inatsekedwa. Sitinawabere. Panopa malata akudontha, khoma lomwelo lachita mng'alu kuchokera pawindo mpaka pansi, mayi anga akudwala shuga. Akampani apaka nyumba yonse ulere, ndi kandalama pamwamba chaka chilichonse. Inu nonse mukulira panonu, ndi angati munabwerapo ndi thumba la simenti? Tambala mumalondolera naye anthu, koma nyumba ikagwa igwera ife.

Wa Kabaza: Eish. Apa ndiye mwatilasa achimwene.

Nabanda wa ku Mikute: Achimwene, sindinabwere kudzanyoza banja lanu. Agogo anu anawasunga malume nthawi imene ife abale tinkawaona ngati munthu wongotaya nthawi ndi zitini. Ndimangofuna nzeru basi. Pepani ngati zamveka molakwika, ndipo amayi muwapatse moni.

Mnyamata wa ku Joni: Sangapake mbali zitatu n'kusiya imeneyo?

Junior wa pa Tiyirumu: Mbali imeneyo ndi yomwe yayang'ana kumsewu. Ndi imene akuifuna. Zinazo akungotipakira chifundo.

Wa Kabaza: Nanga kulidula khomalo n'kukalisunga kwina? Ndinaonapo pa TV.

Junior wa pa Tiyirumu: Ndi la zidina, pulasitala wake ndi woonda ngati chikhadabo. Mukangoligunda liyoyoka lonse.

Wophunzira wa ku Zomba: Khoma ndi la eni nyumba, pamenepo palibe mlandu. Koma chithunzicho ndi luso la a Bulashi, ndipo lamulo la umwini wa luso la 2016 limateteza zojambula zomwe, osati nyimbo zokha ngati mmene ambiri timaganizira tikamva za COSOMA, bungwe loyang'anira umwini wa luso. Ndiye ngati tigwirizane zolijambula khomalo ndi kamera yabwino lisanapakidwe, timvane pano kuti wina asadzatenge n'kusindikiza pa malaya kapena makadi ogulitsa asanawafunse eni ake. China, ku Mua kuli Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kumene osema ndi ojambula amaphunzira ndi kugulitsa ntchito zawo. Si kutali, ndi msewu wa M5 womwewu kulowera kummwera. Mahadibodi amene atsala kunyumba bwanji tikawaonetse anthu odziwa kasungidwe kake?

Phingo Original: Za malayazo mukunena ine eti? Kkkk. Chabwino, poti lero ndi tsiku loulula, nanenso ndiulule. Kalekale madala atasowa ndalama ya chimanga anandibweretsera hadibodi imodzi, ya amayi akuyanika usipa pathandala, galu akuba kumapeto. Ndinawapatsa ndalama ya thumba limodzi, ndikuti ndikungowathandiza. Inakhala pa shedi miyezi inayi ikudya fumbi. Tsiku lina mayi wina wachizungu anadutsa njovu zanga zonse osaziyang'ana, n'kukaima pa imeneyo mphindi zambirimbiri. Anaigula mtengo umene sindiutchula pano, anachita kudulitsa m'mbali kwa kalipentala kuti ilowe m'sutikesi. Madala sindinawauze, ndipo zimene ndinanena za ndege zija ndabweza.

Che Nkhafi: Mwaulula, tsopano mubweze ndi ndalama zomwe.

Adimini: Akuluakulu tisatembenuze gulu kukhala bwalo la milandu. A Phingo akaonana ndi a Nabanda kumbali.

Nabanda wa ku Mikute: Mahadibodi atsala 11, ali kunsi kwa bedi. Awiri chiswe chadya m'makona. Ina ndinaipeza chaka chatha itasanduka chitseko cha khola la nkhuku, anaika ndi malume omwewo, ati nkhuku nazo zione zinthu. Ku Mua anapitako kamodzi panjinga ali ndi mphamvu zawo, anagona masiku awiri. Atabwerako anangoti kumeneko kuli anthu odziwa, koma onse akujambula za m'tchalitchi ndi za gule, nanga za pamsika ajambula ndani.

Namwino wa pa Boma: Ine ndalowa mochedwa, koma ndaona mawu akuti ng'ala. Achemwali, ng'ala si khungu losachiritsika. Amachotsa, opaleshoni yake sitenga ngakhale ola limodzi, ndipo ambiri amayamba kuona mawa lake akangomatula bandeji. Ku Nkhoma amachita, ku Kamuzu Central ku Lilongwe amachitanso. Ayambe abwera kuchipatala awapime kaye, chifukwa si mbuu aliyense amene ali ng'ala. Tikulimbana ndi khoma pomwe mwini dzanja ali moyo.

Nabanda wa ku Mikute: Takhala tikuwanyengerera zaka ziwiri. Amati diso ndi dzira, silifuna mpeni.

Mnyamata wa ku Joni: Akavomera thiransipoti ndi yanga, ndi ya wowaperekeza yemwe. Ndanena pagulu kuti ndisadzathawe.

Nabanda wa ku Mikute: Mwadzuka bwanji nonse, ndabwera ndi yankho. Usiku ndinalimba mtima ndinawauza. Ndimayesa alira, moti ndinali nditakonzeratu madzi m'kapu. Anakhala chete akutafuna chinangwa, kenako anaseka mpaka kutsokomola. Ati iwe, kunsi kwa mabwato amenewo kuli mayi wotsatsa sopo amene ndinajambula kalekale, kunsi kwa mayiyo kuli mitu inayi ya abambo, nthawi imene nyumbayo inali yometera. Onsewo ndinawakwirira ndekha ndi laimu, palibe anaitanitsa msonkhano. Koma patapita kanthawi kuseka kuja kunatha. Ati chikundiwawa ndi anthu ali m'mabwatomo. Kani nkhope zonse zija ndi za anthu enieni. Wogwira nyali kutsogoloyo ndi mnzawo amene anamira ndi mwera cha ku Mbenji, mtembo sunapezeke, ndipo kwawo kunalibe chithunzi chake ngakhale chimodzi. Mkazi wake ankabwera madzulo kudzakhala pansi pa khomalo ngati akudikira minibasi. Mayi wa beseni lofiira ndi agogo ake a Junior, ati anawajambula onenepa dala chifukwa ankadandaula kuti anthu aziti tiyirumu sikuyenda. Che Nkhafi, ati bambo anu ndi amene akhala kumbuyo kwa bwato lachitatu atavala chipewa chamlaza.

Che Nkhafi: Zaka zonsezi ndikudutsa pamenepo tsiku ndi tsiku. Dikirani, ndikupita pompano.

Junior wa pa Tiyirumu: Za agogozo mayi anga akuti n'zoona, ndipo akulira. Lachisanu silisintha, pepala tinasaina kale. Koma Lachinayi lonse khoma ndi lanu, ndichotsa matebulo a ogulitsa tchipisi aja kuti lioneke mpaka pansi.

Nabanda wa ku Mikute: Zikomo achimwene. Malume apempha zinthu ziwiri. Choyamba, Lachinayi tiwatengere pakhomapo, azigwira nkhope imodziimodzi n'kumatchula dzina ndi mudzi wake, wina azilemba, wina azijambula mawu pa foni. Ati ndi anthu 23, koma mmodzi sadzamutchula chifukwa mwamuna wake akadali moyo. Chachiwiri, akuti muwauze anyamata a penti aja asadzataye zitini, ngakhale zioneke zouma. Parafini ali naye.

Namwino wa pa Boma: Munthu wopempha zitini ndiye kuti akufuna kuona. Muwauze kuti zitini tisunga ife mpaka abwere kudzapimitsa.

Wophunzira wa ku Zomba: Kamera ndabwereka kwa mnzanga, ndinyamuka Lachitatu madzulo. Aphunzitsi, kolemba mayina n'kwanu.

Aphunzitsi Opuma: Ndibwera ndi kope latsopano, ndi bolopeni yosaterereka.

Che Nkhafi: Ndafika. Ndi iwodi. Mpaka chala chawo chopindika chija chilipo pankhafi.

Wa Kabaza: Lachinayi 6 koloko ndili pakhomo pa madala, ulendo ndi waulere. Muwaveke jekete, mwera wayamba.